Kukonza madzi a pa dooko lathu ku Nkhotakota: zolemba za m'kope la komiti

Zolembazi ndazitenga m'kope la komiti yathu ya pa dooko, kummwera kwa boma la Nkhotakota musanafike ku Chia. Ine ndine mlembi wake. Pa dooko lathu pamathira kamtsinje kakang'ono kosaphwa, ndipo pomwe kamakumana ndi nyanja ndi pamene ana amasambira, amayi amachapira, asodzi amakocheza mabwato awo. Ndalama zonse ndi zosonkha: khomo lililonse pang'ono, eni maboti pang'ono, kuphatikizapo thandizo la ana a m'mudzi muno amene ali ku Lilongwe ndi ku Joni. Mitengo ya katundu ndi ya nthawi imene tinagula, lero simungaipeze choncho.

Epulo 2024: kuyenda ndi mtsinje

Madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale, aja anasautsa anzathu a ku Dwangwa, kwathu sanaphe munthu koma anagwetsa zimbudzi zambiri za kumunsi. Nyanja nayo inadzaza chaka chimenecho kuposa momwe ambiri a ife tinaionerapo, mpaka kumeza mchenga umene tinkayanikapo maukonde. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anali asanaiwalike, choncho amfumu ataitanitsa msonkhano anthu sanachite kukokedwa.

Ambiri ankafuna tiyambe ndi kusesa pagombe. Mlangizi wa zaumoyo ndiye anati tiyambe tayenda ndi kamtsinjeko kuchokera ku mathiriro kukwera kumtunda, tione chimene chikulowamo. Tinapeza zimbudzi ziwiri zakugwa mkati mwa mayadi ochepa kuchokera kumadzi, malo atatu ochapira, zithaphwi zoviikamo chinangwa zokumbidwa m'mphepete mwenimweni, madimba a tomato ndi mpiru olimidwa mpaka khasu kugunda madzi, ndiponso chigwembe chachikulu chochokera pa msewu wa fumbi chimene chimatsanulira dothi lofiira mumtsinje. Zapagombe zija zinali zochepa poyerekeza ndi zimenezi.

Choyezera kuyera kwa madzi tinapanga tokha. Chivundikiro cha ndowa yapulasitiki tinachipaka penti woyera ndi wakuda, n'kuchiboola pakati, kumangirira mwala kunsi ndi chingwe chokhala ndi mfundo pa masentimita 10 alionse. Umachimiza mpaka chisiye kuoneka, n'kuwerenga mfundo. Pa mathiriro chinkasowa pa masentimita 20. Penti ndi chingwe K6,500. A zaumoyo anatipatsanso timabotolo toyezera madzi, toti ukathiramo madzi okhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi amada bii pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ta pa mathiriro ndi ta posambira tonse tinada.

Meyi 2024: zinyalala ndi msampha wake

Kusesa kunachitikabe, ndipo kunathandiza kuti anthu aone kuti ntchito yayamba. Zambiri zinali majumbo, mabotolo, zidutswa za maneti a udzudzu amene ena amakokera usipa, ndi mapampasi a ana, amene amafufuma ndi madzi mpaka kulemera. Majumbo opyapyala analetsedwa kale mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019, koma pa msika wathu tomato amagulitsirabe momwemo. Matumba akale a feteleza otolera K8,000, magolovesi ndi majombo mapeya anayi K64,000.

Kuti zinyalala zisafike pa nyanja tinatchinga kamtsinje ndi waya wa nkhuku wa K28,000, pamalo popapatiza. Wayayo anagwira majumbo ndithu, koma anagwiranso masamba mpaka madzi anayamba kudutsa m'mbali n'kumadya gombe, ndipo m'mawa wina tinapezamo nkhanu ndi milamba iwiri itakodwa. Patangopita sabata zingapo waya uja anasowa usiku, mwina pano akutchinga nkhuku zenizeni.

M'malo mwake tinaika nsungwi zitatu zomangidwa pamodzi, zoyandama pamwamba pa madzi mopingasa pang'ono, zomangirira ku zikhomo za m'mbali. Zoyandama zonse zimatsetserekera ku ngodya imodzi kumene mnyamata amazivuula ndi lekala, pansi n'kukhala potseguka kuti nsomba zidutse. Nsungwi zinali zopempha, chingwe K4,000. Palibe amene anaziba.

Juni ndi Julayi 2024: pochapira

Apa ndi pamene panalowa ndalama zambiri komanso mkangano woyamba. Kuuza amayi kuti asachapire mumtsinje osawapatsa pena pochapira n'kungotaya malovu. Tinamanga silabu ya zigawo zinayi pafupi ndi mjigo: simenti matumba 9 pa K21,000 lililonse, njerwa zootcha 1,200 pa K54,000, miyala ndi mchenga wa kumtunda zotuta pangolo K30,000, mmisiri K70,000.

Itatha inakhala osagwiritsidwa ntchito. Agogo ena amene amachapira anthu zovala pa ganyu anatiuza mosabisa kuti pa mjigo pamakhala mzere wa otunga madzi akumwa kuyambira m'bandakucha, ndiye munthu wa bulangete ndi zovala za banja lonse sangamapope ndowa khumi anzake atayima kumbuyo akumuyang'ana. Anawonjezeranso kuti silabuyo inali yayitali kwambiri, yoti munthu azichapa choimirira, pamene iwo anazolowera kuwerama n'kumenya chovala pa mwala. Mu komiti yathu ya nthawi imeneyo munali amayi awiri okha, ndipo tsiku loyeza malo onse anali ku maliro.

Tinakumba chitsime chosaya pambali pa silabuyo, chamadzi ochapira okha, mamita anayi kuya, n'kuchiwaka ndi njerwa ndi kuikapo chivundikiro chokhala ndi loko chifukwa cha ana. Okumba K45,000, njerwa ndi simenti K98,000. Zigawo ziwiri za silabu mmisiri anazigumula n'kuzitsitsa kufika m'mawondo, pamwamba n'kuikapo miyala yafulati ya kumtsinje. Kuchokera pamenepo amayi anayamba kubwera, ngakhale ena a kumtunda kwenikweni amachapirabe kwawo chifukwa cha mtunda.

Dzenje lomwera madzi a sopo linatseka pasanathe mwezi. Sopo ndi ulusi wa zovala zinamata miyala, madzi n'kuyamba kudikha ndi kununkha. Tinafukula, n'kuika kabokosi ka njerwa kutsogolo kokhala ndi chiguduli chosefera chimene chimasinthidwa Loweruka lililonse, ndipo madzi otsala tinawalozetsa m'dzenje lalikulu lozunguliridwa ndi nthochi. Nthochizo zikukula mosangalala ndipo fungo linatha.

Ogasiti 2024: chinangwa

Kuno nsima ndi ya kondowole, ndipo chinangwa chowawa sichidyeka osachiviika masiku angapo kuti ululu wake uchoke. Ululu wambiri umasamukira m'madzi. Zithaphwi zikakhala pafupi ndi mtsinje, madzi oyera ngati mkaka aja amatsikira momwemo, ndipo m'chilimwe madzi akachepa mumapeza matemba atayandama kumunsi kwake.

Maganizo oyamba anali ogula madiramu apulasitiki, koma limodzi linali K55,000 ndipo mabanja oviika ndi oposa makumi atatu. Tinagula awiri okha oyesera, n'kuona kuti sangakwane. Amfumu anapereka malo m'dambo, kutali ndi mtsinje, kumene madzi ali pafupi ndi nthaka, ndipo banja lililonse linakumba chithaphwi chake kumeneko. Pasanathe masiku chinangwa cha mayi wina chinabedwa usiku, chifukwa malowo ndi obisika, ndipo mabanja angapo anabwerera kumtsinje. Zinakhazikika pamene tinadula tchire lozungulira ndipo bambo wina wa dimba loyandikana nalo anavomera kumayang'anira. Madiramu awiri aja anapita kwa agogo awiri amene sangathe kusenza mpaka ku dambo.

Sepitembala 2024: nsomba zakufa

Lachitatu lina ana anabwera ndi ndowa zodzaza timatemba ndi tiana ta chambo zotola pa mathiriro, zina zikuphiriphithabe. Anthu anayamba kunena za katupe, koma wothira katupe amabwera ndi dengu kudzatola nsomba zake, ndipo apa panalibe amene anatola. Titakwera kumtunda tinapeza pamene wina anatsukira sipuleya yopoperera tomato, botolo la cypermethrin lili pompo pa mchenga. Mankhwala amenewa ndi oopsa kwambiri ku nsomba, pang'ono pokha amapha zambiri. Nsombazo tinazilanda kwa ana n'kuzikwirira, zimene makolo ena sanakondwere nazo.

Mlangizi wa zaulimi anabwera kudzalankhula ndi a madimba. Chimene chinagwira ntchito ndi dzenje losaya lodzaza makala ndi dothi, kumtunda kwa madimba, kuti azitsukira ndi kutayira pamenepo, ndi ndowa ziwiri zosiyidwa pomwepo zotungira madzi kuti sipuleya isamafike kumtsinje. Ndowa K9,000. Amfumu anaika chindapusa cha mbuzi kwa wopezeka akutsukira mumtsinje. Mpaka lero palibe mbuzi imene yaperekedwa.

Okutobala 2024: chimbudzi cha pa dooko

Usipa ukagwa, pa dooko pamadzaza anthu ochokera kutali, asodzi ndi ogula omwe, amagona pafupi ndi mathandala awo, ndipo chimbudzi chawo chinali bango ndi nyanja. Kukumba chimbudzi mumchenga ndi ntchito ina. Dzenje loyamba, la ngodya zinayi, linagumukira mkati lisanafike mamita awiri, mwamwayi wokumba anali atatuluka kukamwa madzi. Lachiwiri tinalikumba lozungulira, mmisiri akuwaka njerwa mozungulira pamene okumba akutsika. Pa mita imodzi ndi theka mchenga unayamba kunyowa, kusonyeza kuti madzi ali pafupi, ndiye tinalekera pomwepo, pansi n'kutsekapo ndi konkire, khoma n'kulikweza mita ina pamwamba pa nthaka ndi kuikapo masitepe. Lili pamtunda wopitirira mamita 30 kuchokera pomwe nyanja inafika itadzaza mu Epulo, osati pomwe ili lero.

Zipinda ziwiri, cha amuna ndi cha akazi: simenti matumba 14, amene panthawiyi anali atakwera kufika K25,000, njerwa 3,000 pa K150,000, malata asanu K85,000, zitsulo, zitseko ndi paipi yotulutsa mpweya K120,000, mmisiri ndi okumba K160,000. Mpondagiya wosambira m'manja ndi wa kagaloni ndi mitengo. Sopo ankasowa tsiku lomwelo, pano timaika phulusa.

A BVC, komiti yoyang'anira za usodzi pa dooko, anagwirizana kuti boti lililonse lokocheza lizipereka K500 pa sabata yolipira wosamalira. Eni mabwato ang'onoang'ono anakana kupereka mofanana ndi a makoka akuluakulu a chilimira, ndipo anali ndi mfundo. A mabwato ang'onoang'onowo amapereka K200.

Novembala 2024: nkhono ndi bango

Pofika mwezi uno chivundikiro chathu chinkaoneka mpaka masentimita 70 pa mathiriro, ndipo anthu anayamba kunena kuti madzi ayera, ana asambe momasuka. Apa ndi pomwe ndikufuna amene akuganiza zochita ngati ife awerenge mofatsa, chifukwa madzi oyera m'maso si kuti mulibe likodzo. Aphunzitsi a pa sukulu yathu anatiuza kuti anyamata okodza magazi akadalipo ambiri, ndipo kwa iwo si nkhani yodabwitsa.

Likodzo limayenda chonchi: wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono zazing'ono zam'madzi, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosamba kapena wochapa. Timatuluka kwambiri dzuwa likakhala paliwombo, nthawi yomwe ana oweruka kusukulu amathamangira kunyanja. Tinavala majombo ndi magolovesi, kutenga masefa a ufa omangirira ku ndodo, n'kumakokola m'zomera. Posambira penipeni, m'bango ndi mu namasupuni amene mwera anakankhira pamenepo, sefa iliyonse inkatuluka ndi nkhono, zazing'ono kuposa chikhadabo, zomatirira kunsi kwa masamba ndi pa majumbo omira.

Achinyamata anati bango lonse lidulidwe ndi kuotchedwa. Amayi anavomereza, poti m'bango mumabisalanso ng'ona. Akuluakulu a BVC anakanitsitsa: m'bango ndi mmene tiana ta chambo timabisala tikatuluka m'kamwa mwa make, ndi mmene mbalame zimamanga zisa, ndipo bango lomwelo ndi limene limagwira matope a mumtsinje asanafike pa mchenga. Onse ankanena zoona. Chimene chili chabwino kwa nsomba ndi chomwecho chimene chimasunga nkhono, ndipo msonkhano unatha dzuwa litalowa popanda chogwirizana.

Pa msonkhano wachiwiri tinagawa gombe. Kuchokera pa mathiriro kupita kummwera bango lisakhudzidwe, pasakokedwe khoka ndipo pasasambe munthu. Posambira tinasamutsira kumpoto, mamita pafupifupi 150 kuchokera pa mathiriro, pa mchenga wopanda zomera pomwe mafunde amamenya. Pamenepo tinazula zomera zonse, namasupuni tinamuvuulira kumtunda kuti aume ndipo a madimba anamutenga kukapanga manyowa. Malire ndi mitengo ya bulugamu yopaka penti wofiira, K18,000. Amene anazula tinawalembera mayina kuti akalandire mankhwala, poti majombo anayi sakanakwanira anthu onse.

Ngakhale posambira patsopanopo sitinganene kuti ndi potetezeka kotheratu. Ofufuza ku Chembe, ku Cape Maclear, anapeza kuti pali mtundu wina wa nkhono yofalitsa likodzo umene umakhala pa mchenga weniweni wopanda zomera, ndipo umachuluka pamene nsomba zodya nkhono zachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Kotero kuletsa khoka ndi maneti a udzudzu pafupi ndi gombe si nkhani ya asodzi okha. Pa chikwangwani tinalemba zitatu basi: osakodzera m'madzi, kusamba m'mawa kuli bwino kusiyana ndi masana, ndipo mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu mwana adye kaye n'kumwa. Kwa ana aang'ono tikulimbikitsa kuti madzi a m'nyanja atungidwe n'kukhala m'ndowa masiku awiri asanawasambitse, poti tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali kunja kwa nkhono ndi munthu.

Disembala 2024 mpaka Januwale 2025: kubzala

Mvula itayamba tinalowa m'madimba. Kupempha munthu kuti asiye mamita angapo a dothi lake lachonde kwambiri si nkhani yamasewera. Tinapempha mamita 10 mbali iliyonse, tinapatsidwa asanu, ndipo pa madimba awiri atatu okha. Ndinaona kuti n'kwabwino kulandira amenewo kusiyana ndi kukangana mpaka mvula kutha.

Vetiva tinagula ngolo ziwiri kwa alimi a mudzi woyandikana nawo pa K40,000. Timagawa ziputu, kudula masamba kuti atsale masentimita 20, n'kubzala motalikirana masentimita 10 mpaka 15 m'mizere yotsata gombe. Kumbuyo kwake tinaika nsungwi, katope ndi mikuyu, mbande 400 zochokera ku nazale ya kalabu ya m'mudzi pa K150 iliyonse.

Mvula yamphamvu ya pakati pa Januwale inakokolola mzere wonse wa kumunsi, poti vetiva anali asanagwire mizu. Tinabzalanso pamwamba pang'ono, mizere iwiri, kutsogolo kwake n'kukhoma zikhomo zolukidwa ndi nthambi kuti madzi afike ofooka. Mbuzi zinadya mbande za mikuyu pafupifupi theka, katope sizinamulabadire kwenikweni. Zotsalazo tinazitchinga ndi minga.

Mu chigwembe cha kumsewu tinaika timadamu tisanu ta miyala. Toyamba tiwiri tinali tatitali ndi tolunjika pamwamba, madzi anangotizungulira n'kukulitsa chigwembe m'mbali. Kadamu kamafunika kukhala kotsika pakati kuti madzi adumphire pamenepo, mapiko ake alowe ndithu m'makoma a chigwembe, ndipo kunsi kwake kuyalidwe miyala pomwe madzi amagwera. Titakonza choncho, pofika kumapeto kwa mwezi kumbuyo kwa kalikonse kunali kutadzaza dothi lofiira limene likanakhala pa dooko. Kututa miyala K60,000.

Dothi limeneli ndi limene akuluakulu amalidandaula kwambiri. Amati kale sanjika inkakwera kamtsinje kathu, pansi pakadali nsangalabwi. Nsomba za mtundu umenewu, pamodzi ndi mpasa, zimaswana pa timiyala toyera m'mitsinje, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Mpasa ikupezekabe mu Bua, umene kumunsi kwake umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015. Ife sitikuyembekezera mpasa m'kamtsinje kakang'ono chonchi.

Epulo 2025

Chivundikiro chikuoneka pa masentimita 45 pa mathiriro, poyerekeza ndi 20 a Epulo wathawu, ngakhale mvula ya chaka chino sinafanane ndi ya chaka chatha ndiye sitingadzitame nazo kwambiri. Botolo la pa mathiriro linadabe. La posambira patsopano silinade. Tiyezanso usipa ukagwa, anthu atachuluka.

M'bango la kummwera asodzi akuti tiana ta nsomba tachuluka, ndipo pa matope a m'mphepete tapeza mapazi a katumbu ndi ndowe zake zodzaza zigoba za nkhanu. Ng'ona imodzi yaonekanso komweko, choncho mitengo yofiira ija taiwonjezera ndipo ana tawauza kudzera kusukulu ndi kumatchalitchi ndi kumzikiti.

Zotsala n'zambiri. Chimbudzi chosaya chija chadzaza kupitirira theka pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo galimoto yopopa ingachokere kutali pa mtengo umene thumba la BVC silingakwanitse. Tikuganiza zomanga dzenje lachiwiri pambali kuti loyamba likadzaza litsekedwe chaka chathunthu, za mkatimo ziume, kenako zifukulidwe ndi mafosholo. Mmisiri wawerengera K620,000 pa mitengo ya mwezi uno, m'thumba muli K140,000. Mabanja asanu a kumtunda amene zimbudzi zawo zinagwa sanamangebe, ndipo madimba awiri aja a mamita atatu vetiva wake wazulidwa mbali ina kuti pabzalidwe mbatata. Msonkhano wa amfumu pa nkhani ziwirizi uliko Loweruka la mawa.